Momwe mungayendetsere chilangizo cha achinyamata mumpingo popanda kulimbana ndi chibadwa

Mtsikana wa zaka 12 akaona magazi koyamba ali m'kalasi, n'kumanga juzi m'chiuno ulendo wa kunyumba, sanasankhe kuti zimuchitikire tsiku limenelo. Mnyamata wa zaka 14 akadzuka kabudula atanyowa, n'kumukwinyira pansi pa mphasa kuti amayi ake asamuone, nayenso sanasankhe. Izi n'zachibadwa, ndipo zimafika pa nthawi yake kaya mwanayo amapemphera kaya sapemphera. Chimene chili m'manja mwa anthu ndi dzina limene mwanayo apatse zimene zamuchitikirazo, munthu amene akamuuze, ndi zimene akachite ndi thupi latsopanoli. Ntchito ya mlangizi ili pamenepo. Alangizi ambiri amaphonya chifukwa amathera mphamvu kudzudzula thupi, pamene chofunika kuwongola ndi zochita.

Makolo athu sankaisiya yokha nthawi imeneyi. Achewa ali ndi chinamwali, anamkungwi ndi aphungu kutsimba, anyamata kudambwe. Ayao ali ndi jando ndi nsondo. Amishoni a Dutch Reformed Church, amene anayamba ntchito yawo ku Mvera mu 1889, analetsa akhristu awo chinamwali, koma kuletsako kunasiya dzenje. Makolo ena ankapititsabe ana awo mobisa, poti kumpingo kunalibe wowauza za kukula. Chilangizo cha mpingo chinabadwa kuti chikwirire dzenje limenelo. Sinodi ya Nkhoma ikuchitabe mpaka lero, ndipo mipingo yambiri, kuphatikizapo Akatolika m'miphakati yawo, ili ndi alangizi ake.

Zimene alangizi agwirizane ana asanabwere

Khalani pansi alangizi nokhanokha, abusa kapena bambo mfumu ali pomwepo, musiyanitse zinthu zitatu. Choyamba ndi zimene thupi limachita lokha: kusamba, kulota, kukopeka, njala, kupsa mtima, mantha. Chachiwiri ndi chikumbumtima, kamawu kaja kamene kamaluma munthu akalanda nzimbe ya mnzake. Mwana wa zaka zitatu amene sanalowepo kalasi amadziwa kale kukuwa kuti "wandidyera!" akaona kuti mbatata sinagawidwe mofanana, ndipo Paulo pa Aroma 2:14-15 akuvomereza kuti ngakhale anthu opanda chilamulo ali nacho cholembedwa m'mitima. Chachitatu ndi zochita, zimene munthu amasankha. Mlandu uli pa chachitatuchi. Yakobo 1:14-15 akuziika mwa ndondomeko yomweyi: chilakolako chimayamba chakopa, kenaka chimaima, kenaka chimabala tchimo. Pakati pa kukopeka ndi kubala pali mpata, ndipo chilangizo chonse chimagwira ntchito mu mpata umenewo. Anzathu achisilamu ali ndi maganizo ofanana: munthu amabadwa ndi fitra, chikhalidwe choyera, komanso ali ndi nafs, mtima wa zilakolako, yofunika kuigwira chingwe, ndipo zochita zake zimayamba kuwerengedwa mokwana akatha msinkhu.

Mukapanda kugwirizana pa zimenezi, mlangizi mmodzi adzauza anyamata kuti kulota ndi chizindikiro cha thanzi, wina mawa lake adzawauza kuti ndi mkazi wauzimu wofunika kumutulutsa ndi kusala kudya. Mwana akamva ziwiri zotsutsana amataya zonse n'kukafunsa TikTok.

Posankha alangizi musayang'ane imvi zokha. Pakufunika munthu wosunga chinsinsi, wosachita chibwibwi potchula ziwalo za thupi, amene dzina lake silinamvekepo pa nkhani yogwira ana. Funsani mwakachetechete kwa amayi a Chigwirizano, a Mvano kapena a bungwe la amayi la mpingo wanu, chifukwa iwo amadziwa zimene bwalo la akulu a mpingo silinamve. Gulu lililonse likhale ndi alangizi awiri, amayi kwa atsikana, abambo kwa anyamata. Zimathandiza kwambiri mmodzi mwa awiriwo akakhala wachinyamatako, wa zaka za m'ma 25 mpaka 35, amene amadziwa zimene zimayenda pa WhatsApp. Kholo lisalangize gulu limene muli mwana wake. Pachikhalidwe chathu mwana samasuka pamaso pa amayi ake pa nkhani zotere, n'chifukwa chake kale ankamupereka kwa azakhali kapena agogo.

Magulu, masiku ndi katundu

Gawani ana m'magulu atatu: a zaka 9 mpaka 11, a zaka 12 mpaka 14, ndi a zaka 15 mpaka 17. Gulu loyambalo mipingo yambiri imaliiwala, imadikira kuti mtsikana agwe pansi kaye ndiye aitane alangizi. Kumeneko n'kuchedwa. Atsikana amayamba kusintha pakati pa zaka 8 ndi 13, anyamata pakati pa zaka 9 ndi 14, ndipo msambo woyamba kawirikawiri umabwera patatha zaka pafupifupi ziwiri mabere atayamba kuphuka. Mayi akaona timabere, nthawi yolankhula yakwana.

Gulu lisapose ana 12. Akachuluka amalankhula ndi olongolola awiri okha, amanyazi amangotsatira ndi maso. Phunziro limodzi likhale la mphindi 45, kenaka apume, asewere. Mungachite masiku atatu otsatizana pa holide yayitali ya mu Ogasiti, koma Loweruka zisanu ndi chimodzi zotsatizana zimaposa, chifukwa funso lenileni mwana amalipeza ali kunyumba patapita masiku, osati pamene mlangizi akuti "alipo ali ndi funso?" Ngati n'kotheka ana azigona kwawo. Misasa yogonera komweko imafuna akuluakulu ambiri odikira usiku, ndipo zoopsa zambiri zimachitika usikuwo.

Katundu si wambiri: Baibulo, kalendala ya pakhoma, mapepala odulidwa ang'onoang'ono, mapensulo ofanana, katoni yotseka yoboola pamwamba, mapadi a m'sitolo ndi ochapa, nsalu yoyera ya thonje, sopo ndi beseni. Ngati adya komweko, ana 12 ndi alangizi awiri amakhuta ndi ufa wa makilogalamu atatu ndi nyemba kilogalamu imodzi ndi theka, kuwonjezera masamba. Katoni ija ndiyo chipangizo chachikulu kuposa zonse. Pomaliza phunziro lililonse mwana aliyense alandire kapepala ndipo aliyense aponye, ngakhale amene alibe funso alembe kuti "palibe". Mukalola kuti aponye okhawo amene ali ndi mafunso, palibe adzaimirire. Werengani mapepalawo ana atapita, yankhani pa msonkhano wotsatira, ndipo musayese n'komwe kuzindikira zolemba za mwana.

Sabata imodzi chilangizo chisanayambe itanani makolo, muwauze mitu yonse. Uzaninso nyakwawa. Pitani kuchipatala chapafupi mukapemphe namwino kapena wazaumoyo wa m'dera lanu kuti adzatenge phunziro limodzi. Ndipo lengezani malamulo awa pamaso pa makolo ndi ana omwe: palibe kuvula mwana, palibe kuyeza unamwali, palibe kukwapula, palibe wamkulu kutsekera m'chipinda ndi mwana ali awiri. Wofuna kulankhula payekha akhale naye pansi pa mtengo, poonekera koma posamveka.

Phunziro la thupi

Yambani ndi Genesis 1:31, pamene Mulungu anaona zonse zimene anapanga kuti n'zabwino ndithu, ndipo nenani momveka kuti thupi lili m'gulu la zonsezo. Mukayamba ndi Sodomu, makutu atsekeka tsiku loyamba lomwe.

Kwa atsikana, pachikani kalendala ija. Onetsani kuti tsiku loyamba kuona magazi ndilo tsiku loyamba kuwerenga. Magazi amatuluka masiku awiri mpaka asanu ndi awiri. Kwa mayi wamkulu msambo umabwerera pakati pa masiku 21 ndi 35, koma kwa mtsikana wongoyamba ukhoza kutalikira mpaka masiku 45 kapena kudumpha mwezi m'zaka zoyambirira, ndipo si matenda, si kulodzedwa. Aliyense agwire padi m'manja, aone momatira, aone popindira nsalu. Asinthe pakatha maola anayi mpaka asanu ndi limodzi. Nsalu ichapidwe ndi sopo ndipo iyanikidwe padzuwa, ngakhale ataiphimba ndi kachitenje kopyapyala pamwamba. Chizolowezi choyanika nyanda pansi pa bedi chifukwa cha manyazi ndicho chimabweretsa fungo ndi kuyabwa. Auzeni za kupita kuchipatala: magazi akapitirira sabata, padi ikamadzaza ola lililonse, kupweteka kukamamulepheretsa sukulu mwezi ndi mwezi, kapena akafika zaka 15 asanayambe. Akumbutseninso makolo za katemera wa khansa ya khomo la chiberekero, amene amaperekedwa kwa atsikana a zaka 9 mpaka 14.

Funso la mchere lidzatuluka m'katoni, musakayike. Ambiri anauzidwa kuti ali kumwezi asathire mchere m'ndiwo kuopa kudula abambo awo. Musanyoze agogo amene anamuuza. Nenani kuti mwambowo unkathandiza akuluakulu kudziwa amene wasamba ndi amene wadumpha mwezi, koma magazi a msambo satupitsa munthu ndipo sayambitsa chifuwa. Amene adzafunse za Levitiko 15, pamene akunena kuti mkazi ali kumwezi ndi wodetsedwa, muwerengereni Marko 5:25-34, pamene mayi wotaya magazi zaka 12 anakhudza chovala cha Yesu, ndipo Yesu sanamukalipire, anamutcha mwana wake.

Za mimba nenani zoona zokhazokha. Dzira limatuluka pafupifupi masiku 14 msambo wotsatira usanafike, ndipo mbewu ya mwamuna imakhala yamoyo m'thupi la mkazi mpaka masiku asanu. Mtsikana akhoza kutenga mimba tsiku loyamba lomwelo, akhoza kutenga asanaone n'komwe msambo woyamba, ndipo kusamba m'thupi, kudumphadumpha kapena kumwa mankhwala a mutu pambuyo pake sikuletsa kanthu. Kuwerengera masiku sikudalirika kwa munthu amene msambo wake sunakhazikike. Fotokozani chifukwa chimene mimba ya mwana imaopsera: chiuno chisanakhwime mwana amakakamira panjira, ndipo kumeneko ndiko kumachokera fistula, vuto lotaya mkodzo kosalekeza.

Anyamata ndiwo amasiyidwa. Mipingo yambiri imawapatsa ola limodzi la "musamabe, muzilemekeza akulu" n'kuwabalalitsa. Auzeni kuti mawu adzasweka kenaka n'kukhala besi, ziphuphu zidzabwera, kukhwapa kudzayamba fungo lofuna sopo tsiku lililonse, ndipo ena timabere tidzatupa n'kumapweteka, zimene zimatha zokha pakati pa miyezi isanu ndi umodzi ndi zaka ziwiri. Auzeni kuti kutulutsa umuna kutulo ndi ntchito ya thupi, munthu ali m'tulo sasankha. Ndipo thyolani bodza lalikulu la m'mabwalo a mpira, lakuti mnyamata akapanda kugona ndi mkazi adwala msana kapena adzakhala gojo. Palibe mwamuna anadwalapo chifukwa chodziletsa. Bodza limeneli ndi limene amanamizira atsikana, choncho atsikana nawonso alimve likuthyoledwa. Anyamata aphunzirenso za msambo, mwachidule, kuti aleke kuseka mnzawo akadetsa yunifolomu.

Amadziwa, nanga amachitiranji?

Kholo lililonse linafunsapo funso limeneli, ndipo Paulo analifunsa za iye mwini pa Aroma 7:19. Mbali ina ya yankho ili mu ubongo. Mahomoni akayamba, mbali ya ubongo yofuna zokoma, zatsopano ndi kutamandidwa ndi anzako imathamanga msanga. Mbali yakutsogolo, kuseri kwa mphumi, imene imaganiza za mawa n'kugwira mabuleki, imamaliza kukhwima cha m'ma zaka 25. Mu 2005 Margo Gardner ndi Laurence Steinberg a ku Temple University ku America anaseweretsa anthu masewero oyendetsa galimoto pakompyuta, ena ali okha, ena anzawo awiri akuonerera. Anzawo akakhalapo, achinyamata ankachita zoika moyo pachiswe mochuluka kuposa ali okha, pamene kwa akuluakulu kusinthako kunali kochepa. Tanthauzo lake kwa mlangizi n'lakuti mwana amene amayankha bwino m'kalasi Lamlungu sakunama. Kungoti amene ali pa shoo ya kanema Lachisanu usiku, anzake akumutcha wakumudzi, ndi yemweyo koma mabuleki ake ndi ofooka.

N'chifukwa chake nkhani ya Yosefe pa Genesis 39 iphunzitsidwe mosamala. Ambiri amaiphunzitsa ngati nkhani ya munthu wamtima wachitsulo. Werengani bwino: Yosefe ankakana ngakhale kukhala pafupi ndi mkazi wa Potifara, vuto linabwera tsiku limene m'nyumba munalibe wina aliyense, ndipo pamenepo sanayambe ulaliki, anasiya malaya n'kuliyatsa liwiro. Phunzirolo ndi la malo ndi nthawi. Afunseni anawo okha kuti atchule malo a m'dera lanu kumene zinthu zimasokonekera. Adzatchula kuchigayo madzulo, kumjigo kukada, kumaliro usiku, kuchinkhoswe, nyumba za lendi za ana a sekondale odzisunga okha, ndipo mukawamasula adzatchulanso kwaya ya usiku ndi mapemphero ochezera. Musakhumudwe. Lembani zonse, kenaka pa malo aliwonse agwirizane kuti adzapita ndi ndani, adzabwerera nthawi yanji, ndipo zikavuta adzathawira kwa yani.

Kenaka ayesere. Awiriawiri, mmodzi akhale wonyengerera, wina wokana, mawu ake akhale enieni a mumsewu: "Ukandikonda usonyeze." "Aliyense akuchita, iwe ndiwe ndani?" "Ingonditumizira kachithunzi kamodzi, ndifufuta." Wokanayo ayankhe mokweza, mwachidule, akuchoka. Poyamba adzaseka mpaka kugubuduka. Alekeni aseke, abwereze katatu. Pakamwa pamene panatulukapo kale "ayi" sipavuta kumutulutsanso. Za kachithunziko nenani mosabisa kuti chikachoka pafoni sichibwerera, ndipo amene wachilandira akhoza kuchigwiritsa ntchito poopseza. Mwana zikamuchitikira asalipire, asatumize china, auze wamkulu tsiku lomwelo.

Chibadwa chofuna gulu musachione ngati mdani. Ndi chomwecho chimene chimadzutsa mwana m'mamawa kupita ku kwaya kapena ku mpira. Mpingo umene uli ndi timu, gulu la sewero, dimba la achinyamata kapena kalabu yowerenga, wampatsa mwanayo anzake oti aziopa kuwakhumudwitsa. Mpingo umene umangoletsa wamusiya kuti akapeze gulu pa malo obetchera mpira. Kupsa mtima nakonso n'chimodzimodzi. Aefeso 4:26 salamula kuti munthu asakwiye, akuti akwiye koma asachimwe. Aphunzitseni anyamata kuzindikira zizindikiro zake, mtima kugunda, manja kunjenjemera, kutentha kumaso, ndipo zikafika achoke pamalopo mphindi 20 asanayankhe. Onjezani za tulo: wa msinkhu uwu amafuna maola 8 mpaka 10, ndipo amene wachezera pafoni mpaka 1 koloko usiku sachedwa kupsa mtima kutacha.

Mantha ndi malumbiro

Njira yachidule imene alangizi amaikonda ndi kuopseza. Ukachita zakuti amayi ako afa, ukachita zakuti upenga. Imagwira ntchito mpaka tsiku limene mwanayo, kapena mnzake, wayesa ndipo palibe wafa. Kuyambira tsiku limenelo zonse zimene mlangizi ananena zimalowa m'thumba limodzi la mabodza, kuphatikizapo zoona za HIV ndi za mimba. Mantha alinso ndi vuto lina: mwana woopsezedwa akalakwa amabisa, ndipo mimba yobisidwa ndi imene imathera kwa munthu wa zitsamba kuseri kwa mudzi.

Njira ina ndi yolumbiritsa, ana kuimirira kutsogolo, kukweza dzanja, kulonjeza kudzisunga mpaka ukwati. Ku America mipingo inachita zimenezi kwambiri m'zaka za m'ma 1990. Mu 2009 Janet Rosenbaum anafalitsa kafukufuku woyerekeza olumbira ndi anzawo ofanana nawo pa chikhulupiriro amene sanalumbire. Patapita zaka zisanu panalibe kusiyana pa za kugonana asanakwatirane, koma olumbirawo ankadziteteza mocheperako, ndipo 82 mwa 100 alionse anakana zoti analumbirapo. Izi sizikunena kuti kudzisunga n'kosatheka kapena kuti chikhulupiriro n'chopanda mphamvu. Zikunena kuti lumbiro la tsiku limodzi, lochitidwa chifukwa aliyense waimirira, silionjezera kanthu pa zimene mwanayo ali nazo kale. Chimene chimagwira ndi chizolowezi, anzake, ndi wamkulu amene amamufunsa za moyo wake mwezi ndi mwezi.

Funso la makondomu ndi kulera lidzabwera, makamaka ku gulu la zaka 15 mpaka 17. Mipingo imasiyana pa nkhaniyi ndipo mlangizi ali ndi ufulu wonena chiphunzitso cha mpingo wake momveka. Chimene alibe ndi ufulu wonama. Musanene kuti makondomu ali ndi tizilombo kapena ali ndi timabowo todutsa HIV. Nenani zimene mpingo umaphunzitsa ndi chifukwa chake, ndipo za mankhwala musiyire namwino uja.

Samalaninso ndi mawu akuti "tsopano wakula". Mlangizi amatanthauza kuti asiye chibwana, koma mwana ndi abale ena amamva kuti wakwana kukwatiwa. Onjezani nthawi zonse kuti thupi layamba kukula koma silinamalize. Lamulo la maukwati la 2015 linaika zaka 18, ndipo mu 2017 Nyumba ya Malamulo inasintha malamulo aakulu a dziko kuti ngakhale makolo atavomera, mwana wosakwana zaka 18 asakwatiwe. Inkosi Theresa Kachindamoto ya ku Dedza inatchuka pothetsa maukwati otere mazanamazana n'kubweza ana kusukulu. Kusasa fumbi ndi fisi wa anamwali ndi milandu, ndipo ana auzidwe kuti aliyense wowauza kuti akapanda kutero atuwa kapena adwala akuwanamiza.

Pali chibadwa china chimene maulaliki amachilumpha, ndicho njala. Mtsikana amene wapita kusukulu osadya, alibe sopo, alibe padi, ndipo wa kabaza akumunyamula ulere tsiku lililonse n'kumugulira zigege, vuto lake si chilakolako. Mukamuwerengera 1 Akorinto 6:19, yonena kuti thupi ndi kachisi wa Mzimu Woyera, n'kumubweza kunyumba kopanda ufa, vesi ija igonja. Alangizi adziwe ana amene ali pa mavuto otere ndipo awatengere ku komiti ya zachifundo, ku mphakati kapena kwa amayi a mother group kusukulu yawo. Sopo mmodzi ndi mapadi ochapa pa teremu ndi ndalama yochepa kuyerekeza ndi maluwa a paguwa.

Mwana akaulula kuti wina anamugwira

Zidzachitika, mwina kudzera m'katoni, mwina pansi pa mtengo paja. Konzekeranitu. Tsiku loyamba lomwe auzeni ana kuti zonse zimene anene n'zachinsinsi, kupatula ngati wina akuwapweteka kapena moyo uli pachiswe. Musalonjeze chinsinsi chimene simungasunge.

Akayamba kulankhula, khalani chete mumve. Musafunse kuti unavala chiyani, unapitirako chiyani, bwanji sunakuwe. Thupi la munthu wogwidwa ndi mantha nthawi zambiri limangouma, osatha kukuwa kapena kuthawa, ndipo chimenecho n'chibadwa, si kuvomera. Muuzeni kuti mwamukhulupirira ndipo mlandu si wake. Nkhani ya Tamara pa 2 Samueli 13 ndiyo ya apa: wolakwa anali m'bale wake wa m'nyumba yomweyo, Abisalomu anamuuza kuti akhale chete, Davide anakwiya koma sanachite kanthu, ndipo banjalo linathera m'magazi.

Ngati zachitika posachedwa, chipatala chisanadikire china chilichonse. Mankhwala oteteza ku HIV, a PEP, ayenera kuyambidwa pasanathe maola 72, ndipo kufulumira kumathandiza. Asasambe kaye ngati n'kotheka, zovala zisachapidwe, zikulungidwe m'pepala osati m'jumbo. Kenaka ku Victim Support Unit ya polisi kapena ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu. Nambala ya 116 ndi yaulere pa nkhani za ana. Cholakwika chachikulu chimene mipingo imachita ndi kukambirana nkhaniyo pa bwalo la akulu, wolakwayo n'kulapa, kulipira mbuzi, kapena kusamutsidwira ku mpingo wina. Kulapa ndi nkhani ya iye ndi Mulungu, koma mlanduwo ndi wa boma, ngakhale wochitayo akhale mkulu wa mpingo, mphunzitsi wa kwaya kapena malume. Mwana amene wayamba kudzipatula, kugawa katundu wake, kapena kunena kuti bola kufa, mufunseni mwachindunji ngati akuganiza zodzipha. Kufunsa sikumupatsa maganizowo. Akavomera musamusiye yekha, chotsani mankhwala a m'munda ndi a makoswe m'nyumbamo, mupite naye kuchipatala.

Wina akatenga mimba

Ngakhale chilangizo chiyende bwino chotani, wina adzatenga mimba. Momwe mpingo umuchitire ndilo phunziro limene ana otsalawo adzalikumbuke kuposa maphunziro onse asanu ndi limodzi. Akaona mtsikana akuimikidwa kutsogolo, dzina lake likulengezedwa, pamene mnyamatayo akuimbabe ng'oma mu kwaya, aphunzira kuti tchimo ndi kugwidwa ndipo kugwidwa ndi kwa akazi. Pa Yohane 8, amene anagwira mkazi akuchita chigololo anabweretsanso kwa Yesu mkazi yekhayo. Ngati mpingo wanu umaika pa chilango, chikhale cha onse awiri, chikhale ndi tsiku lothera, ndipo pakhale munthu wowayendera. Ngati wopereka mimbayo ndi wamkulu ndipo mtsikanayo ndi mwana, si nkhani ya chilango cha mpingo, ndi ya polisi. Mtsikanayo ayambe sikelo msanga, m'miyezi itatu yoyambirira, akachirire kuchipatala, ndipo makolo akumbutsidwe kuti kuyambira 1993 boma limalola mtsikana kubwerera kusukulu akabereka. Musakakamize ukwati kuti mubise manyazi.

Loweruka lomaliza

Makolo abwere, pakhale kachakudya, ana alandire mphatso zazing'ono ngati sopo, kope kapena chitenje. Chibadwa cha munthu chimafuna mwambo woonetsa kuti wadutsa pena pake, ndipo mpingo ukapanda kuupereka ana amakaufuna kwina. Koma musalengeze kuti uyu ndi uyu atha msinkhu, ingonenani kuti amaliza maphunziro.

Mwana aliyense asankhe yekha phungu, wamkulu wofanana naye, mayi kwa mtsikana, bambo kwa mnyamata, wochokera pa mndandanda umene alangizi ndi makolo avomereza. Phungu mmodzi asapose ana anayi. Azikumana kamodzi pa mwezi, poonekera, makolo akudziwa, ndipo mafunso akhale wamba: sukulu ikuyenda bwanji, ukucheza ndi ndani, kunyumba kuli ufa, pali chimene chikukusowetsa tulo? Gulu lonse likumanenso pakatha miyezi itatu, ndipo wa zaka 11 akafika 12 alowe gulu lotsatira, asamuwerengere kuti analangizidwa kale. Katoni ija isatayidwe. Iikeni kumbuyo kwa tchalitchi pafupi ndi khomo, pamene munthu angaponye kapepala akutuluka wina osazindikira, ndipo alangizi awiri aziitsekula limodzi Lamlungu lililonse mapemphero akatha.